Masoketi angati pa breaker imodzi mu server room? Wa magetsi akuti palibe malire

wa_IT_Area47:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za magetsi chifukwa pano mutu waima. Ndimagwira za IT pa ofesi ina kuno ku Lilongwe, tilipo anthu pafupifupi 30, ndipo ofesiyo ndi nyumba yakale yomwe inali yogonamo kenako anangoisandutsa ofesi. Mabwana avomera kuti ka store kakumbuyo tikasandutse server room, ndi kachipinda ka mamita 3 kwa 2.5, chifukwa mpaka pano ma seva ali pansi pa desiki ku accounts akungomwa fumbi.

Zokalowa mmenemo ndi rack imodzi, ma seva awiri ndipo iliyonse ili ndi ma power supply awiri a 750W, NAS yosungira mafayilo, switch ya PoE yomwe ikudyetsa ma access point ndi makamera, firewall, ka router ka fibre, DVR, UPS (ya mabatire osungira magetsi akathima) ya 3kVA, komanso tikufuna tiikemo aircon.

Wa magetsi amene ofesi imamuitana nthawi zonse wabwera waona, akuti aika ma double socket 8 kuzungulira khoma lonse ndipo magetsi atenga pa ring (waya wozungulira masoketi nkubwerera ku breaker) yomwe ilipo kale, yomwenso ikudyetsa ma ofesi awiri ndi kukhitchini. Nditamufunsa ngati sizichuluka pa breaker imodzi wangoti malamulo saletsa, ngakhale masoketi 50 ukhoza kuika. Komano ine ndinawerenga pa intaneti kuti pa breaker ya 20A malire ndi masoketi 13, komanso kuti sukuyenera kupitirira 80% ya breaker. Nde akunena zoona ndani? DB, bokosi la ma breaker, ili pa mtunda wa mamita 28 kuchokera pa kachipindako ndipo waya udzadutsa kudenga, denga lake la malata. Ndikufuna ndikafike kwa abwana ndi mfundo zogwirika chifukwa ndalama akatulutsa kamodzi sadzatulutsanso, ndipo mu ma seva amenewa muli payroll ya anthu onse.

mmisiri_Ndirande:

Achimwene, za masoketi 13 mwawerengazo ndi za ku America. Kumeneko ali ndi buku lawo la NEC, magetsi awo ndi 120V, ndipo m'nyumba zomwe si zogonamo soketi iliyonse amaiwerengera 180VA. Mukatenga 20 kuchulukitsa ndi 120 ikubwera 2400, kugawa ndi 180 ndi 13 ndi kanthu pamwamba, nambalayo yachokera pamenepo basi. Ya 80% nayonso ndi yakomweko, amati katundu amene amayaka maola atatu kapena kupitirira osazima asadye zoposa 80% ya breaker. Ife kuno ndi 230V 50Hz, mapulagi athu ndi aja a mano atatu a ku Britain okhala ndi fyuzi mkati, ndipo kusukulu ya ntchito zamanja tinaphunzira malamulo a IEE omwe masiku ano akutchedwa BS 7671. M'buku limenelo mulibedi nambala ya masoketi, apo mnzangayo sananame. Chomwe ankangonena kalekale ndi chakuti ring ya 2.5mm pa 32A isadyetse malo oposa ma square metre 100.

Koma kuchoka pamenepo mpaka kufika ponena kuti palibe malire, ayi, ndikukana. Malire alipo, kungoti sawerenga masoketi, amawerenga ma amp. Zomwe katundu akudya zisapose breaker, ndipo breaker isapose zomwe waya angapirire pamalo enieni pomwe wadutsapo. Ring ija anaipangira nyumba ndi ofesi wamba pomwe zinthu zimayaka mosinthana, uyu wayatsa ketulo mphindi zitatu wazimitsa, uyo laputopu, ndipo katundu wamwazikana ring yonse. Server room ndi zosiyana kwambiri, katundu yense ali pa malo amodzi ndipo sazima usana ndi usiku chaka chonse. Ring ili ndi miyendo iwiri yobwerera ku DB, mwendo uliwonse ndi 2.5mm womwe amangofuna kuti ukwanitse 20A, pomwe breaker ndi ya 32A. Mukaunjika katundu pafupi ndi mapeto amodzi, mwendo waufupiwo ndi umene umasenza zambiri, zili ngati kusanjika matumba onse a chimanga mbali imodzi ya ngolo, ndipo breaker siiona kalikonse chifukwa 32A sinakwane koma waya ukutentha mwakachetechete. Ndipo ring yanuyo ili ndi khitchini. Ketulo yokha ndi 2kW mpaka 3kW, wina aonjezere microwave nthawi ya lunch, breaker yagwa, ma seva apita pa batire.

Tsono tiyeni tiwerenge zanu. 750W yolembedwa pa power supply si zomwe seva ikudya, ndi pomwe ingathe kufika, ndipo awiriwo amagawana katundu mmodzi yemweyo. Bwerekani clamp meter muyeze pomwe zili panopa masana anthu akugwira ntchito, mwina mupeza zonse pamodzi zili pakati pa 5A ndi 8A. Komabe waya sitiikira zomwe mukudya lero, timaikira UPS, chifukwa tsiku lina mudzaidzaza. 3000 kugawa ndi 230 ndi 13A, ndipo magetsi akangobwera atathima nthawi yaitali UPS imadyetsa rack uku ikutchaja mabatire, nde imakoka zoposa pamenepo. Voltage ikatsika madzulo kufika cha m'ma 200 imakokanso ma amp ambiri kuti ikwanitse mphamvu yomweyo. Tayang'anani kumbuyo kwake, ambiri a 3kVA polowera magetsi pamakhala C20, ya mano ogona ija, yomwe ndi ya 16A. Pulagi yathu wamba imathera pa 13A. Ndaonapo m'ma ofesi angapo UPS yotere ataidula pulagi nkuikapo ya 13A, pakapita miyezi mumapeza pulasitiki yozungulira dzino la live yasanduka yabulauni, ikununkha, fyuzi yamatirira mkati osachokanso. Pamenepo pakufunika soketi yabuluu yozungulira ya 16A, ya IEC 60309 yomwe ambiri timangoti commando, pa circuit yakeyake kuchokera ku DB, breaker ya 20A type C chifukwa UPS ikamayaka imakoka mwamphamvu kwa kanthawi kochepa ndipo type B ikhoza kumagwa.

Waya ikani 4mm osati 2.5mm. Pa voltage drop 2.5mm ikanadutsa, 16A pa mamita 28 ikutaya pafupifupi 8V pomwe malire ndi 5% yomwe ndi 11.5V. Vuto ndi kutentha kwa kudenga. Manambala a m'buku anawalembera malo a 30 degrees, 2.5mm mu conduit ndi 24A. Pansi pa malata mu October mukhoza kufika 45 osavuta, pamenepo mumachulukitsa ndi 0.79, yatsala 19A, yatsika kale pansi pa breaker ya 20A. 4mm ndi 32A, ikatsika ikhala pa 25A, muli bwino. Ndipo mukaphatikiza ma circuit awiri mu paipi imodzi mumachotsanso, kuchulukitsa ndi 0.8.

Aircon ikhale ndi circuit yake ndi isolator yake, isayandikire UPS. Masoketi a pakhoma awiri kapena atatu ndi okwanira, a laputopu ndi vacuum, chifukwa zonse za mu rack zimalowa pa PDU, extension ya masoketi ambiri yomangidwa mu rack momwemo. Dziwaninso kuti double socket si 26A, amaiyesa pa 20A mbali zonse ziwiri pamodzi.

wa_IT_Area47:

Zikomo kwambiri akulu, apa mwanditsegula maso, makamaka za kudengazo. Ndaona kumbuyo kwa UPS ndi C20 yomweyo. Ndamuonetsa wa magetsi zomwe mwalembazi, za circuit yapadera wavomera ngakhale akudandaula mtengo wa 4mm. Koma watulutsa ina, akuti circuit ya ma seva aidutsitsa pambali pa RCD (ija imadula magetsi akamatayikira ku earth) chifukwa makompyuta akachuluka RCD imangogwa popanda chifukwa, akuti amatero m'ma ofesi onse. Mu DB yathu muli RCD imodzi ya 30mA yomwe yagwira nyumba yonse. Izi nzololedwa? Mu kachipindako muzilowanso mayi amene amatikonzera mu ofesi, sindikufuna wina adzagwidwe ndi magetsi pa rack.

mlongo_wa_ku_Leeds:

Achimwene ndalowererapo chifukwa ntchito yanga kuno ku UK ndi yoyesa ma installation ndipo ma comms room ang'onoang'ono ngati anuwa ndimakumana nawo kawirikawiri. A mmisiri afotokoza bwino za ma amp, ine ndionjezere za earth chifukwa malire ena obisika ali kumeneko.

RCD siigwa popanda chifukwa. Power supply iliyonse ya kompyuta ili ndi filter mkati, timakapasita tomwe timatayira magetsi pang'ono ku earth nthawi zonse ngakhale chinthucho chili chabwinobwino, mwina 1mA kapena 2mA chilichonse. Werengani zanu, ma power supply anayi a ma seva, NAS, switch, firewall, DVR, UPS nayonso ili ndi filter yake, kuphatikizapo makompyuta a anthu 30 onse ali pa RCD imodzi yomweyo. RCD ya 30mA imaloledwa kugwa paliponse kuyambira 15mA mpaka 30mA. Nde mukakhala kale pa 14mA tsiku lonse, wina akangoyatsa printer basi nyumba yonse yathima. Mu 18th Edition ya BS 7671 yomwe inatuluka mu 2018 analemba kuti zotayikira ku earth zonse pamodzi zisapose 30% ya RCD, kutanthauza 9mA pa RCD ya 30mA. Amenewo ndi malire enieni a kuchuluka kwa zinthu pa circuit imodzi mu server room, ndipo nthawi zambiri mumawafika musanafike nkomwe pa ma amp a breaker.

Mankhwala ake si kuchotsa RCD koma kugawa. Circuit iliyonse ya server room ikhale ndi RCBO yake, ndi breaker ndi RCD pamodzi, kuti zotayikazo zisaunjikane malo amodzi komanso fault ya kukhitchini isagwetse rack. Ikhale Type A osati Type AC, chifukwa zinthu za electronic zimatha kutaya current yosakanikira ndi DC yomwe Type AC siiona bwino. Werenganinso manual ya UPS yanu, opanga ambiri amalemba mtundu womwe akufuna. Kuno lamulo limafuna RCD ya 30mA pa masoketi onse mpaka a 32A, ndipo m'buku la 2018 lija kuisiya kunkaloledwa pokhapokha malowo si nyumba yogonamo ndipo pali risk assessment yolembedwa, yosainidwa. Chipinda chomwe muzilowa wokonza mu ofesi, ine sindingasainire.

Palinso gawo 543.7 lomwe amisiri ambiri ngakhale kuno amalidumpha. Chinthu chimodzi chikamataya zoposa 3.5mA sichiyenera kukhala pa pulagi wamba, chilumikizidwe mokhazikika kapena pa soketi ya 60309 ija. Ndipo circuit yomwe zotayika zake zingapose 10mA imafuna earth yolimba mwapadera, kaya waya mmodzi wa 10mm, kaya wa 4mm wotetezedwa mu conduit, kaya mawaya awiri osiyana aliyense womangidwa pa screw yakeyake, ndipo pa DB pamatidwe chizindikiro. Chifukwa chake ndi ichi, waya wa earth ukangomasuka penapake palibe chimazima, ma seva amapitiriza kuyenda ngati palibe chachitika, koma zitsulo zonse za rack zimakwera kufika pafupifupi theka la voltage kudzera mu ma filter aja, ndipo munthu woyamba kugwira chitseko cha rack ndi amene amasanduka njira yopita ku earth. Chinthu chimodzi chimangokuluma pang'ono, koma zikaphatikizana khumi ndi nkhani ina. Nchifukwa chakenso rack yeniyeniyo, chitseko ndi mbali zake, zimangiriridwe ku earth ndi waya wake, musadalire ma screw openta.

Poti ma seva anu ali ndi ma power supply awiriawiri, kokani ma circuit awiri, wina wodutsa pa UPS wina wosadutsa koma wokhala ndi surge protection, PDU ziwiri. UPS ikadzafa, ndipo mabatire ake amatha ndithu pakapita zaka zochepa makamaka kukamatentha, ma seva sazima. Kungoti circuit iliyonse ikhale yoti itha kusenza katundu yense payokha.

malume_ku_Joni:

Kuno ku Joni buku lathu ndi SANS 10142-1 ndipo munthu wolembetsedwa amapereka CoC, pepala lotsimikiza kuti ntchito yatsata malamulo, akamaliza, popanda pepala limenelo a inshuwalansi akhoza kukuvutitsa moto ukabuka. M'ma ofesi timaika masoketi ofiira a dedicated, dzino la earth limakhala losemedwa mbali imodzi moti pulagi ya ketulo kapena heater siingalowe. Kwanuko mano ndi ena koma nzeru yake tengani, masoketi ochokera ku UPS akhale a mtundu wina kapena olembedwa zooneka, apo ayi tsiku lina wina adzalowetsapo vacuum kapena laser printer UPS nkukuwa overload.

Funso langa mphwanga, muli ndi jenereta? Nthawi ya load shedding kuno taona zambiri. Majenereta ang'onoang'ono ambiri neutral yake siinalumikizidwe ku earth, nde mukasintha changeover UPS imakana magetsiwo kapena kuonetsa wiring fault, imangokhala pa batire mpaka kutha jenereta ikulira panja. Choopsa kwambiri nchakuti nthawi imeneyo RCD yomwe achemwali akunenayo siingagwire ntchito bwino chifukwa fault ilibe njira yobwerera. Wa magetsi wanuyo aone zimenezo pa changeover, ayese RCD magetsi ali a jenereta osati a ESCOM okha. Jeneretayo ikhalenso yokulirapo ndithu kuposa UPS ndi aircon pamodzi chifukwa compressor ikamadzuka frequency imatsika ndipo UPS imathawira pa batire.

Pa aircon, watt iliyonse yolowa mu rack imatuluka ngati kutentha. 1kW ndi pafupifupi 3400 BTU, nde mukakhala pa 2kW muli kale pafupi ndi 7000 musanawerenge dzuwa la pa malata. Ya 12000 BTU ikukwanirani, koma gulani yomwe imadzuka yokha magetsi akabwera, ndipo isakhale pamwamba penipeni pa rack chifukwa paipi ya madzi ikatsekeka amadontha.

mmisiri_Ndirande:

Achemwali a ku Leeds anena zoona, ndipo kuno kwathu nkhani yochotsa RCD ndi yoopsa kuposa kumeneko. Nyumba zambiri zakale ngati yanuyo earth yake ndi ka rod kokhomedwa panja kuseri, nthawi zina mumapeza clamp yachita dzimbiri kapena waya anadula olima maluwa. Tinene kuti rod ikuwerenga 50 ohms. Live ikakhudza chitsulo cha rack, 230 kugawa ndi 50 ndi ma amp osakwana 5. Breaker ya 20A type C kuti igwe nthawi yomweyo imafuna mpaka 200A, kutanthauza loop yonse isapose pafupifupi 1.1 ohm. Ma amp 5 siiwamva nkomwe, ikhala chiimire rack ili live mpaka wina aigwire. Pa nyumba yotere RCD ndi yokhayo imene ingadule magetsi, nde kuidumpha nkusiya chipindacho chopanda chitetezo chilichonse. Muuzeni kuti ayi. Ndipo rod imawerenga bwino nthawi ya dzinja nthaka ili yonyowa, ikafika September ndi October nthaka yauma nambala imakwera, nde kuyeza kwabwino ndi kwa chilimwe.

Ine ndikanakoka waya mmodzi wokulirapo kuchokera ku DB yaikulu nkuika ka DB kakang'ono pafupi ndi chitseko cha server room, mmenemo ma RCBO a UPS, a feed yachiwiri, a aircon, a masoketi a pakhoma ndi a nyale, kuphatikizapo SPD yoteteza ku surge chifukwa ziphaliwali za November mpaka March zimawotcha ma switch ambiri, ndipo makamera anu a panja ndi njira ina yolowera. Ubwino wake kudenga kumadutsa waya mmodzi yekha ndipo pakachitika ngozi pozimitsira pali pakhomo pomwepo. Kungoti wayayo asachokere pansi pa RCD ya 30mA yakale ija, kumtunda kukhale ya 100mA kapena 300mA ya time delay, type S, kuti fault ya mu chipindamo igwetse RCBO yake yokha. Muonenso main breaker ndi mita ngati zingasenze zonsezi pamwamba pa zomwe nyumba ikudya kale, nyumba zomwe zinali zogonamo zambiri ndi single phase.

Za mtengo wa waya akudandaulazo, mukagule limodzi ku shopu yodziwika. Pamsika pali waya wolembedwa 4mm koma mukasenda mkati ndi woonda, wina ndi aluminium wopakidwa copper pamwamba, mukapala ndi mpeni mkati mumaoneka moyera ndipo roll yake imapepuka m'manja. Manambala onse tawerenga aja ndi a copper weniweni.

Mufunseni permit yake ya MERA muione ndi maso, ndipo akamaliza asangoyatsa nyale nkunena kuti zatheka. Akupatseni pepala la zoyeza, continuity ya earth pa soketi iliyonse ndi pa rack, insulation resistance pa 500V atachotsa ma seva, UPS ndi SPD kaye chifukwa tester imeneyo imaononga, polarity, loop impedance, ohms za rod, ndi nthawi yomwe RCBO iliyonse ikutenga kuti igwe. Ngati alibe ma tester amenewa abwereke kapena aitane mnzake amene ali nawo, ndalama yomaliza mumupatse pepalalo lili m'manja mwanu.

wa_IT_Area47:

Malume jenereta ilipo ya 10kVA, changeover yake ndi ya pamanja, ndimuuza ayese RCD pamenepo. Ndazungulira kuseri ndapeza rod ili pafupi ndi mpopi, clamp yake yobiriwira ndi dzimbiri ndipo waya ukugwedera ndikaukoka, nde tiyambira pamenepo tisanagule chilichonse. A mmisiri, waya wopita ku ka DB kakang'onoko pa mamita 28 aja mungaike wa size yanji, 6mm ikwana kapena tipite pa 10mm poti mwina chaka chamawa tionjezera seva yachitatu?